Mulanje mpaka Nkhata Bay pa njinga yamoto, kwinako pa Ilala

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Chitakale, amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Akuti apatsidwa tchuthi cha masabata awiri, ali ndi njinga yamoto ya 150cc, ndiye akufuna ayende mpaka kunyanja, akweze njingayo pa sitima ya Ilala, akatsike nayo pa Likoma kenako abwerere pamsewu. Funso lawo ndi loti zitheka? Nanga ayambire pati?

Achimwene, zitheka bwinobwino, koma musayambe ndi mapu, yambani ndi sitimayo. Ilala imayenda kamodzi pa sabata basi. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, kufika ku Likoma Loweruka, ku Nkhata Bay kukucha Lamulungu, n'kupitirira mpaka Chilumba. Ndi gogo ameneyu, anamupanga ku Scotland mu 1949 n'kuyamba ntchito panyanja mu 1951, ndiye nthawi zina amamuimitsa kuti amukonze. Imbani kaye kudoko mumve ngati ikuyenda sabata imeneyo, mufunsenso mtengo wa njinga poti imalipiridwa payokha ngati katundu. Mukaiphonya ndi ola limodzi ndiye kuti sabata yonse mukungodya usipa pa Monkey Bay.

Ndiye nyamukani Lachitatu, kuchedwetsetsa Lachinayi mbandakucha. Ine ndimakonda kudzera ku Phalombe n'kukatulukira ku Zomba, phiri la Mulanje limakuperekezani mtunda wautali ndithu, koma ngati kwagwa mvula yambiri ingodzerani Midima mpaka Limbe, mukudziwa nokha zimene namondwe wa Freddy anachita ku mbali ya Phalombe ija mu 2023. Kuchoka Zomba ndi M3, Liwonde muoloke Shire, Mangochi, kenako Monkey Bay. Laisensi, inshulansi ndi helimeti zikhale bho, malodibuloko ndi ambiri njira imeneyi ndipo si pa Chitakale pomwe amakudziwani nkhope.

Tsopano za Likoma zija, apa ndiye ndikukanizani. Njinga ikwere pa Monkey Bay, ikatsike pa Nkhata Bay basi, koma mufunse kaye kudoko ngati sitima ikugunda pa jete kumeneko. Malo ambiri Ilala imaima patali, anthu ndi katundu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, pamakhala chipwirikiti, matumba a ufa uku, malata uku, mayi ndi mwana kumbuyo, nkhuku zili kwee kwee, ndiye muganize njinga yanu ikulendewera pamwamba pa madzi anyamata anayi akukangana kuti agwire pati. Komanso Likoma ndi kachilumba kakang'ono, mungayende wapansi. Sitima imakhalitsa pamenepo maola angapo, tsikani nokha mukaone tchalitchi cha St Peter's chija anayamba kumanga mu 1903, chachikulu zedi moti simungakhulupirire kuti chili pachilumba, koma mufunse kaye ogwira ntchito m'sitima nthawi yonyamukira.

Chimene ndinaphunzira ndi misozi ine: tengani zingwe zanu. Ulendo wanga woyamba ndinangoimika njinga pa sitandi, n'kumanga ndi linya imodzi ngati ndikupita ku chigayo. Usiku mwera unauka, m'mawa ndikupeza njinga yagona chammbali, galasi lakumanzere laphwanyika, petulo wanunkha paliponse, anthu akundiyang'ana ngati mfiti. Panopa ndimaiika mu giya, kutseka kampopi ka mafuta, kumanga buleki yakutsogolo ndi linya, zingwe ziwiri mbali iyi ndi iyo, n'kufunditsa pepala la pulasitiki. Thanki isakhale yodzadza pokwera. Ndipo ngati mungasankhe, pewani Juni mpaka Ogasiti, mwera umavuta, anthu amasanza osati masewera. Juzi tengani ndithu ngakhale ndi kunyanja, pamwamba pa sitima usiku kumazizira ngati kwathu kuno nthawi ya chiperoni.

Pobwerera ndi M5 ya m'mbali mwa nyanja. Mitengo ya labala ya ku Vizara, mchenga woyera wa ku Chintheche, nzimbe za ku Dwangwa, Nkhotakota, Salima. Msewu ndi wopapatiza, milatho ina ndi yodutsa galimoto imodzi, maenje alipo, mbuzi nazo sizidziwa hutala, ndiye dzuwa likangolowa pezani pogona. Mukaona filing'i siteshoni ili ndi petulo thirani ngakhale thanki ili theka, kumeneko kulibe zothamangira ku Muloza ndi chigubu. Tchubu, pampu, pulagi, masipanala ndi oyilo wa tcheni zikhale m'chikwama.

Mukafika ku Mua imani pang'ono muone zosemasema ndi zinyau za ku Kungoni, kenako Balaka, Liwonde, Zomba, kwanu. Masiku 8 akukwanirani osathamanga. Otsalawo musawauze abwana, mudzawafuna kupumitsa msana.