Satifiketi ya ISO 9001 kapena ziphunzitso za Deming? Yankho kwa mayi wopanga chiponde ku Chirimba

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ali ndi kafakitale kopanga chiponde ku Chirimba. Akuti wogula wina wa ku Johannesburg wawauza kuti sangawagule katundu pokhapokha atapeza satifiketi ya ISO 9001, yotsimikizira kuti kampani ili ndi dongosolo losamalira ubwino wa katundu wake, pomwe mwana wa achemwali awo, yemwe anaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi, akuti satifiketi ndi pepala chabe ndipo chofunika ndi kutsata ziphunzitso za Deming. Akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, awiriwa sakukangana pa nkhani imodzi, ngakhale zikuoneka choncho. Mwana wanuyo akunena za mmene ntchito iyenera kuyendera mkati mwa fakitale, pomwe wogulayo, amene sadzabwera kudzaona mmene mumakazingira mtedza, akufuna mboni yoti imuuze kuti angakudalireni.

W. Edwards Deming anali katswiri wa ziwerengero wa ku America amene anakaphunzitsa akuluakulu a makampani ku Japan mu 1950, ndipo mu 1951 dzikolo linakhazikitsa mphoto ya dzina lake. Mfundo yake yaikulu inali yakuti katundu akamatuluka woipa, vuto nthawi zambiri limakhala dongosolo limene mabwana anakhazikitsa, osati wantchito amene wagwira botolo. Mwa mfundo zake 14, ziwiri zikukukhudzani kwambiri: musadalire kusankhula katundu woipa pamapeto, ndipo chotsani mantha pa ntchito. Yachiwiriyi ndi yovuta kwathu kuno, komwe wantchito amaopa kuuza kapitawo kuti thumba la mtedza lafika lonyowa poganiza kuti amudula malipiro. Joseph Juran, amene anapita ku Japan mu 1954, ankati katundu wabwino ndi amene wakwanitsa ntchito imene wogula akumufunira. Philip Crosby anatchuka ndi chiphunzitso chakuti pasapezeke cholakwika ngakhale chimodzi, koma Deming ankadana ndi mawu okopa otere omata pakhoma. Choncho mwana wanuyo adziwe kuti akatswiriwa nawonso sankagwirizana pa zonse, komanso palibe mwa iwo amene anasiya pepala loti munthu angaonetse wogula wakunja.

Pepalalo limachokera ku muyezo wa ISO, bungwe lokonza miyezo ya padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 1947 ndipo likulu lake lili ku Geneva. ISO 9001 inatuluka koyamba mu 1987, potengera muyezo wa ku Britain wa BS 5750, ndipo inakonzedwanso mu 1994, 2000, 2008 ndi 2015. Imafuna kuti mulembe ndondomeko yanu, muitsatire, musunge umboni woti mukuitsatira, ndiponso muzikonza zolakwika zikapezeka. M'kati mwake muli mzere wa kukonzekera, kuchita, kuunika ndi kusintha, womwe Deming anaufalitsa potengera ntchito ya katswiri mnzake wa ziwerengero, Walter Shewhart. ISO payokha sipereka satifiketi. Amapereka ndi mabungwe ena ochita kawuniwuni, ndipo imakhala zaka zitatu, oyendera akubwera chaka chilichonse.

Apa ndi pamene mwana wanuyo akunena zoona. Satifiketiyi imachitira umboni dongosolo, osati chiponde chenichenicho. Ndinagwirapo ntchito pa fakitale ina muno mu Blantyre pomwe mafomu a miyezi itatu ankalembedwa usiku umodzi, oyendera atatsala pang'ono kufika, ndipo tinkachita kusinthasintha zolembera kuti inki isafanane. Satifiketi inapachikidwa mu ofesi ya abwana, koma katundu ankabwezedwabe ngati kale.

Chinanso chimene onse awiri sanakuuzeni n'chakuti mdani wamkulu wa chiponde ndi chuku, chomwe chimabala poizoni wa aflatoxin mu mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa pachinyezi, ndipo kukazinga sikumuthetsa. Pa chakudya, miyezo yolunjika pa zoopsa zotere ndi HACCP (njira yopezera ndi kutchinjiriza zoopsa pa magawo ofunika popanga chakudya) ndi ISO 22000, yomwe inatuluka mu 2005. Musanawononge ndalama, mufunseni wogulayo kuti alembe chimene akufuna kwenikweni, chifukwa ena amangotchula ISO 9001 poti ndi dzina lodziwika. Mufunsenso ngati angavomereze satifiketi ya bungwe limene mukufuna kulilemba ntchito, ndipo muonetsetse kuti bungwelo ndi lovomerezeka ndi mabungwe monga SANAS ya ku South Africa kapena SADCAS ya mayiko a SADC. Chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1972, ndi nkhani ina: icho chimaona katundu yemweyo, ndipo n'chimene muyenera kuyamba nacho.

Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga miyezi isanu ndi umodzi ndisanaitane woyendera aliyense. Pa nthawiyi, thumba lililonse la mtedza liyezedwe chinyezi pofika, lilembedwe kumene lachokera ndi tsiku limene lakazingidwa, ndipo Lachisanu lililonse mukhale pansi ndi antchito anu, kapitawo atakhala chete, kuti anene okha pamene pakuvuta. Zolemba zimenezi ndi zomwezo zimene oyendera adzafune kuona. Mwana wa achemwali anuyo mupatseni ntchito yosunga kaundulayo.