Ndege yopitira kumudzi: gulani Cessna 182, zothamangazo zidikire

Achimwene, funso lanu ndinaliona dzulo usiku koma ndinati ndiyankhe nditakhala pansi. Mwati muli ndi laisensi ya PPL, youlutsira ndege panokha osati pa ntchito yolipidwa, maola 160 onse pa Cessna 172, mumakhala ku Johannesburg, ndipo mukufuna ndege yanuyanu yoti muzipitira ku Blantyre ndi mayi akunyumba ndi ana awiri, mwina nthawi zina kudumpha mapiri a Drakensberg kupita ku Durban. Mwatchula zitatu: 172 yomwe mwaizolowerayo, Mooney M20J ndi Cirrus SR22. Pa zitatuzi ine palibe yomwe ndingakuuzeni kuti mugule panopa. Funani Cessna 182, ndipo ngati thumba likulola, ikhale ya turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini.

Nkhani yagona pa mpweya, osati pa liwiro. Pa mabwalo a ndege a ku Johannesburg, Rand Airport ili pamtunda wa mafiti pafupifupi 5,500, Lanseria 4,500. Pa mafiti 5,500 mabuku amawerengera kuti kunja kuli madigiri 4. Koma masana a Novembala kumafika 30. Digiri iliyonse yoonjezera imakhala ngati yakweza bwalo ndi mafiti 120, ndiye ndege yanu ikadali pansi imamva ngati ili pa mafiti 8,600. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mafiti 1,000 aliwonse. Werengani nokha: 172 ya mahosipawa 180 yatsala ndi 135 basi, musananyamuke n'komwe. Mapiko nawo sakugwira mpweya bwino, pulopela nayonso chimodzimodzi.

Izi ndinaziphunzira ndi thukuta. Tsiku lina cha m'ma 1 koloko masana ndinanyamuka pa kabwalo kena ka kuno kumtunda ndi 172, tili akuluakulu atatu, matanki odzadza. Ndege inathamanga, kuthamanga, mawilo osafuna kusiya pansi. Itadzuka inangoyandama ngati nkhuku yodumpha mpanda, kabelu kochenjeza kuti mapiko atha mphamvu kakulira apo ndi apo, singano yoonetsa kukwera ili pa mafiti 200 pa mphindi. Mawaya a magetsi ndinawaona bwinobwino mpaka mbalame zomwe zinatera pamenepo. Mnzanga wakumbuyo anali kalikiliki kujambula vidiyo, osadziwa kuti ine malaya anyowa. Cholakwa chinali changa: sindinawerengere kutentha, komanso sindinachepetse mixture, mlingo wa mafuta osakanikirana ndi mpweya mu injini, ndisananyamuke. Koma ndinadziwa tsiku lomwelo kuti ndege imeneyi si yonyamulira banja kudutsa mapiri.

Ndipo mapiri panjira yanuyo alipo. Tambasulani mapu mujambule mzere kuchoka ku Johannesburg kufika ku Chileka. Ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo mzerewo ukudutsa ndendende pa mapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, cha ku Mutare. Nyangani ndi mamita 2,592, Binga ku Chimanimani 2,436. Mukamayandikira kwathu, Mulanje ali apo kudzanja lamanja, Sapitwa mamita 3,002. Ulendo wa ku Durban mukapatukira ku Lesotho ndiye kuli Thabana Ntlenyana, mamita 3,482. Phiri simulidutsa mochita kupalasa mitengo. Pamafunika mafiti osachepera 2,000 pamwamba pake chifukwa mphepo ikawoloka phiri imatsetsereka mbali inayo, ndipo imatha kukukokerani pansi mwachangu kuposa momwe 172 ingakwerere.

Cessna 182 inayamba kupangidwa mu 1956 ndipo mpaka lero ikupangidwabe. Ili ndi mahosipawa 230, imayenda manoti pafupifupi 140 (makilomita pafupifupi 260 pa ola), imamwa malita 50 pa ola. Mapiko ali pamwamba monga 172, mawilo sapindika, kakhalidwe kake mumlengalenga ndi komwe mukukadziwa kale, kungoti mphuno ndi yolemerako potera. Maola ochepa ndi mphunzitsi mwaigwira. Makaniko aliyense wa ndege kuchokera ku bwalo la Wonderboom ku Pretoria mpaka ku Lilongwe anaitsegulapo, masipeya sasowa. Ya turbo, T182T, imasunga mphamvu zake mpaka kumwamba ndipo imafika mafiti 20,000, ngakhale inu simudzafuna kupita kumeneko ndi ana. Turbo ili ndi mtengo wake: injini imatentha kwambiri, imafuna dzanja lofatsa, ndipo pokonzetsa mumalira. Ngati ndalama zikuperewera, 182 wamba yosamalidwa bwino ndi yabwino kuposa ya turbo yotopa.

Pa katundu musanamizidwe ndi mipando inayi. 182 imanyamula makilogalamu pafupifupi 500, kuphatikiza mafuta. Mukadzadza malita 330 mwadya kale makilogalamu oposa 230. Otsalawo ndi a inuyo, mayi, ana ndi zikwama. Ndipo tonse tikudziwa momwe Mmalawi amapitira kwawo: mabulangete a agogo, mafuta ophikira, nsapato za ana a achemwali. Pobwera ndiye mpunga wa Kilombero, ufa woyera, usipa, chambo chowamba. Mayi akunyumba muwauziretu kuti sikelo ndi imene izilamula, osati inu, kuti mkangano usamagwere pa inu. Ana akakula n'kuyamba kulemera ngati akuluakulu, pamenepo mudzaganize za Cessna 206. Ndi yomwe a Mission Aviation Fellowship amanyamulira madokotala ndi odwala m'timabwalo ta m'mapiri a Lesotho, ndiye mukhoza kuona kuti ndi bulu weniweni.

Mooney ndimaikonda, ndisaname. Mahosipawa 200 okha koma imathamanga manoti oposa 150, mafuta ikungonyambita. Koma mkati ndi mothina, khomo ndi limodzi, yakhala pansi kwambiri moti pa bwalo la miyala pulopela imatola zonse. Mawilo ake ndi opindika, ndipo a inshuwaransi akaona maola 160 ndi mawilo opindika amakutchajani ngati mwawalakwira. Ndi ndege ya munthu ndi mnzake mmodzi, pa tala.

Cirrus SR22 ndi nkhani ina. Mahosipawa 310, liwiro lofika manoti 170 ndi kupitirira, komanso parachuti ya ndege yonse, chomwe ndikudziwa kuti ndi chimene chakopa mayi akunyumba. Parachutiyo yapulumutsadi anthu ambiri. Koma imafuna kupakiridwanso zaka 10 zilizonse pa mtengo wowawa, ndipo ndegeyo imatera mothamanga, imafika pamalo mutu wanu usanafikepo. Mtengo wa SR22 imodzi mukhoza kugula 182 yakale n'kutsala ndi ndalama za mafuta ndi maphunziro a zaka zingapo. Muidikire mpaka mutakwanitsa maola 400 kapena 500.

Pali ina yomwe simunaitchule, Sling TSi, yopangidwa konkuno ku Tedderfield kumwera kwa Johannesburg. Injini yake ndi Rotax 915 iS ya turbo, mahosipawa 141, ndipo imamwa petulo wa galimoto. Ichi si chinthu chaching'ono, chifukwa avgas, petulo wa ndege, mukangowoloka Limpopo sapezeka paliponse, ndipo muyenera kuimba foni kufunsa musananyamuke, osadalira zolembedwa. Vuto lake ndi loti ndege za gulu lake zimafuna chilolezo chapadera m'dziko lililonse lomwe mukulowa, ndipo makalata amenewo amatopetsa. Ikayeseni ndithu musanamange mfundo.

Ulendo wa ku Chileka pa 182 ndi maola asanu ndi mphindi zingapo mphepo ikakhala chete. Pa pepala mafuta akukwana, koma musayerekeze kupita kamodzin'kamodzi. Imani panjira, muthire mafuta, ana apite kuchimbudzi, muonenso zanyengo. Nyamukani m'bandakucha kuti mapiri a Mutare muwadutse isanakwane 10 koloko, mitambo ya mabingu isanayambe kumera, makamaka kuyambira Novembala mpaka Malichi. Mu Juni ndi Julayi mdani ndi chiperoni, chomwe chimakuta Mulanje, Thyolo ndi Blantyre mpaka osaona phiri la Ndirande uli ku Ginnery Corner. Mu Seputembala ndi Okutobala ndi utsi wa moto wa m'tchire. Mphepo pamwamba pa mapiri ikapitirira manoti 25, zimitsani injini mukamwe tiyi. Phiri muzilifika chopingasa, pa madigiri 45, kuti zikavuta mutembenukire kuchigwa mosavuta. Gulaninso kabotolo ka okosijeni ndi kachida kopanira pachala koyezera okosijeni m'magazi. Pamwamba pa mafiti 10,000 mutu umayamba kugona mwini wake osazindikira.

Tonse tikukumbukira pa 10 Juni 2024, pomwe Dornier 228 inagwa m'nkhalango ya Chikangawa nyengo itaipa, n'kutitengera a Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Inali ndege ya injini ziwiri, yamphamvu kuposa zonse zomwe tikukambirana pano. N'chifukwa chake ndikuti pa ndalama zomwe mwasunga, patulani zochitira instrument rating, maphunziro ouluka modalira zida zokha kunja kusakuoneka, ndi maola angapo a m'mapiri ndi mphunzitsi amene amawadziwa, musanakweze ana.

Mukaipeza 182 yokusangalatsani, musayang'ane penti. Itengereni kwa makaniko wanu, osati wa wogulitsayo, aone dzimbiri m'mapiko makamaka ngati inakhalapo kunyanja ku Durban kapena Cape Town, aonenso chipupa cha kuseri kwa injini, chifukwa ma 182 ambiri anamenyetsedwapo wilo lakutsogolo potera. Injini zimenezi zimafuna kuphwasulidwa zikayandikira maola 1,500 kapena 2,000 malinga ndi mtundu wake, ndipo yomwe yangokhala m'hangala zaka zitatu osaliza ndi yoopsa kuposa yomwe imauluka sabata iliyonse. Jambulani masamba omaliza a logbook, buku la mbiri ya ndegeyo, ndi pepala la kulemera kwake muponye muno, tiwerengere limodzi musanapereke dipoziti.