Kodi Wikipedia yamuipitsa Kevin Trudeau?

Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Mwafunsa chifukwa chimene nkhani ya pa Wikipedia ya Kevin Trudeau, wotsatsa malonda pa TV ndiponso wolemba mabuku wa ku America, imatchulira milandu yake m'ndime yoyamba pomwe insaikulopediyayo imati sitenga mbali, ndipo mwadandaula kuti anthu amene amati mabuku ake anawathandiza sanapatsidwe malo okwanira. Funsoli ndi lomveka, koma ndikuona kuti mwaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana, kusakondera ndi kugawa tsamba pakati kuti mbali iliyonse ipeze gawo lofanana. Pabwalo la amfumu aliyense amapatsidwa mpata wolankhula, komabe mfumu yanzeru siyeza mawu a mwini mlandu mofanana ndi mawu a mboni zimene sizipindula kanthu pa chigamulocho. Lamulo la Wikipedia nalonso limatero: maganizo alionse apatsidwe malo molingana ndi kulemera kwake m'magwero odalirika.

Mbiri ya mkuluyu ili motere. Anabadwa mu 1963 ku Massachusetts, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anakhala m'ndende pafupifupi zaka 2 atavomera mlandu wogwiritsa ntchito mwachinyengo makhadi a ngongole a anthu ena. Atatuluka anatchuka ndi mapulogalamu aatali otsatsa malonda pa TV, ooneka ngati macheza wamba koma olipiridwa ndi wogulitsayo. Mu 1998 bungwe la boma la America loteteza ogula, la Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linamulipiritsa madola 500,000 chifukwa cha zonena zosocheretsa pa malonda ake. Mu 2004 anavomera kulipira madola 2 miliyoni pa nkhani ya mankhwala a kashiamu amene ankawatsatsa kuti amachiza khansa, ndipo analetsedwa kutsatsa katundu mwanjira imeneyi, kupatula mabuku, malinga ngati sanama pa zimene zili m'mabukuwo.

Pakhomo lotsalali ndi pamene anadzera. Buku lake la Natural Cures "They" Don't Want You to Know About, lonena za machiritso achilengedwe, linagulidwa kwambiri mu 2005, ndipo mu 2007 anatulutsa lina lonena za kuchepetsa thupi. Pa TV ankanena kuti njirayo ndi yosavuta, yochitikira kunyumba, ndipo munthu akaimaliza angathe kudya chilichonse. Wogula atatsegula bukulo ankapeza kuti ayenera kudya makalori 500 okha patsiku, kubayitsa jakisoni wa mahomoni otchedwa hCG amene sanavomerezedwe kuti azichepetsera thupi, komanso kusala zakudya zambiri kwa moyo wake wonse. Khoti la ku Chicago linagamula kuti waphwanya lamulo la 2004 lija ndipo linamulamula kubweza madola oposa 37 miliyoni. Mu November 2013 anapezeka wolakwa pa mlandu wonyozera lamulo la khoti, mu March 2014 anapatsidwa zaka 10, ndipo anatuluka mu 2022. Mkonzi amene angakankhire zonsezi kumapeto kwa nkhani ndiye angakhale wokondera, chifukwa ndi zimene manyuzipepala akuluakulu akhala akulemba kwambiri za munthuyu kwa zaka zoposa 20.

Za maumboni amene mukuwanenawo, ndikumvetsa kuti munthu wodwala akapeza mpumulo salankhula mwachinyengo, ndipo sindikumunyoza. Vuto ndi lakuti umboni wotere sungatsimikizidwe. Sitidziwa ngati wolembayo alikodi, sitidziwa matenda amene madokotala anamupeza nawo, ndipo amene sanachire nthawi zambiri salemba kalata, mwinanso sakhalapo kuti alembe. Nthawi zambiri maumboniwo amasankhidwa ndi wogulitsa yemweyo. N'chifukwa chake pa nkhani zaumoyo Wikipedia imafuna kafukufuku wowunikidwa ndi akatswiri ena ndiponso mawu a mabungwe odziwika azachipatala. Mabuku ndi mapulogalamu a Trudeau angagwiritsidwe ntchito posonyeza zimene iye amanena, monga zoti boma ndi makampani a mankhwala amabisa machiritso, koma sangakhale umboni woti zonenazo ndi zoona. Kugulidwa kwambiri kwa buku kumangosonyeza kuti linatsatsidwa mwaluso.

Pali pamene ndikugwirizana nanu, ndipo sindikufuna kupadumpha. Trudeau ndi munthu wamoyo, ndipo Wikipedia ili ndi lamulo lokhwima pa mbiri za anthu amoyo, limene linakhazikitsidwa pambuyo pa nkhani ya mu 2005 ya mtolankhani John Seigenthaler, amene tsamba lonena za iye pa Wikipedia linakhala ndi bodza loopsa kwa miyezi ingapo. Lamuloli limamutetezanso Trudeau. FTC inali mbali imodzi ya mlanduwo, choncho zimene inkamuneneza ziyenera kulembedwa monga zonena za bungwelo, zisiyanitsidwe ndi zimene khoti linagamula. Mgwirizano wothetsa mlandu polipira ndalama, monga wa 2004, si chigamulo chopeza munthu wolakwa, ndipo mkonzi wosamala salemba ngati ndi chimodzimodzi. Mawu achipongwe alibe malo, ngakhale mkonziyo atakwiya chotani. Komanso mlandu umene anamangidwira uyenera kutchulidwa ndendende: otsatira ake amati anamangidwa chifukwa cholemba buku, adani ake ena amati anamangidwa chifukwa cha mankhwala abodza, koma zaka 10 zija zinali za kuphwanya lamulo la khoti ponama pa TV za zimene zinali m'buku lake. Zimene iye ankanena podziteteza, zoti malamulo a America amateteza ufulu wake wolankhula, ziyeneranso kulembedwa pamodzi ndi mfundo yakuti makhoti sanazivomereze.

Choncho bambo, ngati pali chiganizo chimene chakukhumudwitsani, dinani kanambala kamene kali kumapeto kwake muone gwero lake. Mukapeza kuti gwerolo silikunena zimene zalembedwazo, kapena ndi tsamba la munthu wongolusa, kalembeni patsamba lokambirana la nkhaniyo, mutchule chiganizocho ndi gwero labwino limene mwapeza, pakuti pa mbiri ya munthu wamoyo mawu oipitsa opanda gwero amayenera kuchotsedwa nthawi yomweyo.