Poloti yotchipa ku Nchalo: funsani kaye kumene madzi ankadutsa

Achimwene ena amene akugwira ntchito ku Johannesburg andilembera imelo. Akuti atabwera kudzaona makolo ku Nchalo adasochera kwawo komwe, poti pamene ankadyetsa mbuzi ali mwana lero ndi nyumba za lendi zokhazokha. Msuweni wawo wawapezera poloti yotchipa kuseri kwa msika, ndiye akufunsa ngati agule.

Achimwene, funso lanuli landikhudza chifukwa ndalama zambiri za thukuta la ku Joni zikukwiriridwa m'matope kuchigwa kuno, ndipo ogulitsa malo sanena zonse zimene akudziwa. Ndikuyankhani, koma mundilole ndiyambire patali.

Matauni a m'chigwa cha Shire sadayambe chifukwa choti malowo ndi abwino kukhalapo. Iliyonse idabadwa chifukwa cha njira ya katundu kapena ntchito. David Livingstone atadutsa mu Shire mu 1859, sitima zapamadzi zidayamba kukwera mtsinjewu, ndipo kwa Katunga, kufupi ndi Chikwawa, ndiko katundu ankatsitsidwa kuti amtengatenga akwere naye phiri kupita ku Blantyre. Katunga yemweyo, pamodzi ndi Kasisi, Maseya ndi Mlilima, ndi maufumu a Amakololo amene adabwera ndi Livingstone n'kukhazikika pakati pa Amang'anja a Lundu. Madzi a mu Shire atachepa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sitima zidayamba kutitimira mumchenga, doko n'kutsikira ku Chiromo, kenako ku Port Herald, komwe lero ndi ku Nsanje. Njanji yochoka ku Port Herald kukafika ku Blantyre idatsegulidwa mu 1908, ndipo mlatho wa Dona Ana pa Zambezi udatha mu 1935, sitima n'kumayenda mpaka ku Beira popanda kuwolotsa katundu pamadzi.

Taonani Chiromo tsopano. Pamene Ruo amathira mu Shire padali ofesi za boma, malo olipirira msonkho wa katundu ndi masitolo. Nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, kenako mu 1997 madzi adakokolola njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, anthu n'kubwerera ku bwato pa Mtayamoyo. Mu Januwale 2015 Ruo adasiya khwawa lake n'kulowa m'midzi ya ku Makhanga. Malo amene adali ndi siteshoni, chipatala, sukulu ndi munda wa boma wofufuzirapo za mbewu lero anthu ake akuuzidwa kuti asamukire kumtunda. Amene adamanga nyumba yamalata ku Makhanga zinthu zili bwino sadali wopusa, adaona sitima ikuima pakhomo. Chimene sadachiwerengere ndi mtsinje.

Za ku Nsanje mukuzidziwa. Mu Okutobala 2010 Bingu wa Mutharika adatsegulira doko, Robert Mugabe ndi Rupiah Banda ali pomwepo, ndipo nkhani idali yoti Nsanje ikhala mzinda. Anthu adathamangira kugula malo. Sitima yapamadzi imene inkayembekezeka idatsekeredwa ku Mozambique, ndipo dokolo mpaka pano silikugwira ntchito. Sindikunyoza maloto aja, chifukwa chigwachi chimafunadi njira yotchipa yopitira kunyanja yamchere, ndipo sitima yapamtunda yonyamula mafuta itafika pa Marka, kumalire a Nsanje ndi Mozambique, mu Seputembala 2024 anthu adasangalala ndi mtima wonse. Koma kugula malo potsata zolankhula za pamsonkhano ndi juga, ndipo amene amaluza kawirikawiri ndi munthu wakutali wotumiza ndalama pafoni.

Nchalo ndi mwana wa nzimbe. Kampani ya Lonrho idatsegula munda ndi fakitale ya shuga ya SUCOMA chapakati pa zaka za m'ma 1960, Illovo n'kudzagula mu 1997. Ntchito idakoka anthu ochokera ku Nsanje, Thyolo, Mulanje ndi Mwanza, odula nzimbe ambiri n'kumabwera nyengo yodula yokha, ndiye msika wa lendi udayamba pamenepo: chipinda chimodzi, khomo limodzi, mzere wa zitseko zisanu ndi chimodzi. Kuyambira cha m'ma 1986 othawa nkhondo a ku Mozambique adadzaza chigwachi, makamaka ku Nsanje, ndipo mtendere utabwera mu 1992 ambiri adabwerera koma ena adakwatira n'kukhazikika. Onjezani msewu wa M1, umene wakoka misika yonse kuti ibwere m'mbali mwa tala. Ku Chikwawa maofesi adatsala paboma, koma ndalama zimazungulira pa Dyeratu chifukwa ndi pamene minibasi zimaima. Ngabu adakula ndi thonje ndi ng'ombe, Bangula ndi njanji. Tsopano ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya Shire Valley Transformation Programme, yochoka ku Kapichira kuloza ku Bangula, yayambanso kukweza mitengo ya malo kumene ikudutsa.

Apa ndi pamene ndikuuma mtima. Makolo ankadziwa kusiyanitsa dimba ndi mphala. Kudimba ankalimako chimanga, mbatata ndi nyemba madzi akaphwera, kumphala ndiko ankamanga, kulima mapira ndi mchewere, ndi kuika maliro. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 nyanja ya Malawi itakwera, Shire adamiza madimba ambiri kwa zaka, anthu n'kukwera kumphala, ndipo phunziro limenelo lidakhala m'mitu ya agogo athu. Malo okwera adatengedwa kalekale ndi midzi yakale, manda, mamishoni, sukulu ndi esiteti. Tauni ikamakula lero ikukulira pa zotsala, ndipo zotsalazo ndi madambo, misipu ndi njira zakale za madzi. Pamene munkadyetsa mbuzi padali msipu wobiriwira chifukwa madzi ankakhalitsapo. Poloti ikatchipa kwambiri pamalo pamene anthu akulimbirana, musafulumire kuthokoza mwayi.

Mitsinje nayo si ija mudaisiya. Mitengo yatha m'mapiri chifukwa cha makala ndi minda ya m'matsitso, ndiye Mwanza ndi Nkombedzi wa Fodya zimatsika ndi mchenga wochuluka umene wakwirira makwawa. M'malo ena mchenga wa mumtsinje wafanana msinkhu ndi minda ya m'mbali. Mtsinje wotere ukadzaza susefukira pang'onopang'ono, umang'amba gombe n'kudzipezera njira yatsopano usiku umodzi. Madzi ambiri ovutitsa ku Nchalo sachokera ku Shire kokha ayi, amatsika kuchokera kumadzulo kufuna kukathira mu Shire kum'mawa, ndipo pakati pake pali M1 wokwezedwa. Makalavati akatsekeka ndi zinyalala ndi mchenga, msewuwo umasanduka damu, nyumba za mbali imene madzi akuchokera n'kumira kaye. Mipanda yanjerwa imene aliyense akumanga mozungulira poloti yake yatsekanso tinjira timene madzi ankathawira, choncho wina akadziteteza amakankhira madziwo kwa mnansi wake. Mudaona pa nkhani za madzi osefukira a 2015, kenako anamondwe: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene adagumula damu la Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023. Kanayi m'zaka zosakwana khumi. Khonsolo imene ikutolera ziphaso pamsika tsiku ndi tsiku koma osajambula misewu ndi ngalande anthu asanamange ikulakwira anthu ake, ndipo mafumu amene akusayinira malo a m'khwawa akudziwa bwino chimene akuchita.

Nkhani ya eni malo ndiyonso imagwetsa ambiri. Kuchigwa kuno Asena ndi Amang'anja adakwatirana kwambiri, koma miyambo ya malo siyofanana. Kwa Asena malo amatsata kuchimuna, kwa Amang'anja mwambo wakale umapatsa mphamvu mbumba ndi atsibweni. Mnyamata mmodzi akhoza kukugulitsani munda wa banja lonse, mfumu n'kudinda, inu n'kumanga mpaka pawindo, kenako alongo ake kapena abambo ake aang'ono n'kutulukira. Chidindo cha mfumu ndi umboni wofunika koma si chikalata cha umwini. Lamulo la Customary Land Act la 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018, lidakhazikitsa makomiti a za malo pansi pa gulupu, okhala ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa kuphatikizapo amayi osachepera atatu, ndipo ku Chikwawa malo ambiri adalembedwa kale m'kaundula chifukwa cha ntchito ya ngalande ija. Malo amene akukutsatsaniwo mwina ali kale m'dzina la anthu angapo.

Musanatumize ndalama

Poloti ioneni pakati pa Januwale ndi Malichi, osati mu Okutobala pamene paliponse pauma. Ngati simungabwere, tumani munthu amene sadyapo kanthu pa malondawo. Ayang'ane makoma a nyumba zakale zapafupi: madzi amasiya mzere wabulawuni, pulasitala amafufuma pansi pake, ndipo m'mphanda za mitengo mumatsala zinyalala zouma. Ayeze kutalika kwa mzerewo kuchokera pansi. Akumbe dzenje lakuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka. Akapeza timizere ta mchenga ndi matope tosinthanasinthana, pamenepo madzi akhala akudutsa. Afunse amayi achikulire atatu, aliyense payekha, kuti pa Ana ndi pa Freddy anthu a pamenepo adagona kuti. Akanena kuti kusukulu, mwamva.

Kenako muyeze kuchokera pakati pa tala: malo a msewu waukulu ngati M1 ndi mamita 30 mbali iliyonse, ndipo nyumba yomangidwa m'menemo tsiku lina idzalembedwa X wofiira. Onaninso mawaya a ESCOM ndi malire a esiteti. Pitani ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Chikwawa mukafunse ngati malowo adalembedwa, m'dzina la ndani, komanso ngati pulani ya tauni imalola nyumba pamenepo. Mgwirizano ulembedwe, asayine akuluakulu onse a banja logulitsa, mfumu ndi mboni zanu ziwiri, malire aikidwe mabikoni asimenti onse akuona, ndipo ndalama zidutse kubanki kapena pafoni m'magawo awiri, lomaliza mapepala atatha.

Mukafika pomanga, nthaka ikakhala yamakande, yakuda ija yong'aluka m'chilimwe ngati ya ku Ngabu, dziwani kuti imafufuma ikanyowa n'kunyala ikauma, ndipo ndiyo imang'amba makoma. Maziko akumbidwe kupitirira pamene ming'alu ikuthera, akhale otambalala, muikemo zitsulo za Y12 (zonenepa mamilimita 12), brickforce (waya wolimbitsa khoma) pa mzere wachitatu uliwonse wa njerwa, ring beam (lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira makoma) pamwamba, ndi khonde lasimenti la mita imodzi kuzungulira nyumba. Pansi pa nyumba pakwere masentimita osachepera 50 kupitirira mzere wa madzi uja. Kuchokera pamaziko kufika pa DPC (pepala lotchinga chinyontho kuti chisakwere m'khoma) simenti ikhale muyezo umodzi pa inayi ya mchenga, pamwamba umodzi pa isanu ndi umodzi. Nyumba zambiri zimene zidagwa zidali za njerwa zootcha zomangira dothi: madzi akaima masiku awiri dothilo limasungunuka m'mizere yapansi, khoma lonse n'kukhala pansi. Chimbudzi nacho chikwezedwe ndipo dzenje lake limangidwe njerwa. Lawaninso madzi a pamjigo wapafupi, chifukwa m'madera ambiri kuno ndi amchere, ndipo alendi amathawa nyumba yopanda mpopi.

Yankho langa ndi ili, achimwene: poloti ya kuseri kwa msikayo musailipire mwezi uno. Msuweni wanu akanena kuti pali wina akuifuna mawa, muuzeni aitenge. Ikadutsa mvula ikubwerayi mzere wa madzi osapitirira m'kakolo, banja lonse n'kuvomera kusayina, gulani. Ikapanda kutero, onjezerani ndalama mugule yaing'ono pamalo okwera, ngakhale ikhale mtunda wa kabaza kuchokera pamsewu.