Kodi makina otenga kutentha pansi pa nthaka angathandize nyumba ya ku Lilongwe?

Bambo wina amene akumanga nyumba ya zipinda zinayi ku Area 49 watumiza imelo kufunsa ngati n'kwanzeru kuika geothermal heat pump (makina otenga kutentha pansi pa nthaka) yoti izifunditsa nyumba mu Juni n'kumaiziziritsa mu Okutobala. Akufunsanso ngati pamafunika akasupe otentha ngati a ku Chiweta, m'boma la Rumphi.

Bambo, akasupe sakufunika ayi. Mukakumba mamita angapo, kutentha kwa nthaka sikusintha kwenikweni; kuno kumakhala cha m'ma 20°C chaka chonse. Ndiye mumakwirira paipi ya pulasitiki yolimba ya HDPE ya mamilimita 32, madzi n'kumazungulira mkati mwake. Kompuresa yofanana ndi ya firiji imachotsa kutentha m'nyumba n'kukutaya m'nthaka, ndipo kukazizira imachita mobwezera. Yuniti imodzi ya magetsi imakupatsani mayuniti atatu kapena anayi a kutentha.

Nkhani yagona pa paipiyo. Njira yotsikirako mtengo ndi kukumba ngalande zakuya mita imodzi ndi theka mpaka mamita awiri, koma kuno sindingakulimbikitseni. Katondo akauma gwa mu Seputembala ndi Okutobala salandira bwino kutentha, chonsecho ndi miyezi yomweyo imene makina ali pakalikiliki. Madzi amabwerera ali ofunda, kompuresa n'kumangomeza mayuniti. Ngalande zimachita bwino pamalo a chinyontho okha, ngati m'mbali mwa dambo.

Njira yodalirika ndi kuboola pansi ndi makina a mjigo. Poyerekeza koyamba, werengerani ma watt 50 pa mita iliyonse ya dzenje. Nyumba yofuna 6 kW (ma watt 6,000) ifuna mamita osachepera 120, ndipo poti kuno ntchito yaikulu ndi yoziziritsa, onjezerani: maenje awiri a mamita 75, otalikirana mamita asanu ndi limodzi. Mukawayandikizitsa amatenthetsana, makina n'kumafooka chaka ndi chaka. Paipi ikalowa, dzenje lidzazidwe ndi phala la dongo la bentonite kuyambira pansi kukwera m'mwamba, chifukwa mpata uliwonse wa mpweya umatsekereza kutentha, komanso madzi akuda a pamwamba angatsikire ku madzi akumwa. Mapaipi alumikizidwe powasungunula ndi makina ake, osati ndi guluu kapena makilampu. Musanakwirire, dzazani madzi, chotsani mpweya wonse, popani ndipo yang'anani geji. Singano ikamatsikabe, penapake pakudontha. Mankhwala oletsa madzi kuundana safunika kuno. Musanaboole, pezani chilolezo ku National Water Resources Authority.

Koma kodi ndalamayo ibwerera? Pa nyumba yanuyi ndikukaika kwambiri. Makinawa amapindulitsa kumaiko ngati Sweden, kumene kunja kumaundana miyezi ingapo nthaka ili yofundirako. Chisanu chathu n'cha usiku ndi m'mamawa, dzuwa likakwera chatha. Zipangizo muyenera kuitanitsa kunja, amisiri ozidziwa ndi osowa, ndipo magetsi a ESCOM akathima zonse zimaima, pokhapokha sola yanu ili ndi inverter (chosinthira magetsi a sola kukhala a m'nyumba) yotha kunyamula kompuresa.

Yambani ndi denga. Ikani siling'i yotseka bwino, pamwamba pake muyale insulation (chotchinga kutentha) yokhuthala mamilimita 100, malata akhale owala, mawindo a kumadzulo akhale ndi khonde kapena mthunzi wa mtengo. Kenako gulani eyakoni ya mtundu wa inverter yotha kufunditsanso; nayonso ndi heat pump, kungoti imagwiritsa ntchito mpweya wa panja. Mukadzaganiza zomanga loji ya zipinda zambiri zofuna kuziziritsa usana ndi usiku, pamenepo itanani katswiri adzayeze nthaka ya pamalopo musanaitane oboola.