Mukufuna kukwera Mulanje mu Disembala popanda gaidi?

Achimwene, imelo yanu ndayiwerenga. Mwati muli ku Johannesburg, holide ya Disembala mubwera pa galimoto ndi anzanu kudzera ku Beitbridge, Tete mpaka Mwanza, tenti mwagula kale, mukufuna mukagone pa phiri la Mulanje nkukafika pa nsonga ya Sapitwa, koma gaidi simukumufuna chifukwa kuno nkwanu, zimenezo nza azungu. Mawu omalizawo ndi amene andipweteka.

Malume anga ananyamula katundu wa alendo pa Likhubula, poyambira kukwera phirili, mpaka mawondo anatha. Ndili mwana ndinkawaona akutsika madzulo mapewa atasupuka ndi zingwe za chikwama, nsapato zapulasitiki zomanga ndi waya, akakhala pakhonde mayi ankawatenthetsera madzi oti aviikemo mapazi, iwo osadandaula, amangofotokoza kuti lero tagona ku Thuchila, mlendo wina anadwala mwendo ndamubereka. Fizi yanga ya ku sekondale inachokera pa mapewa amenewo. Ndiye munthu akamati gaidi ndi wa azungu ine ndimamva ngati akuti malume ankangosangalatsa alendo, chonsecho munthu uja amadziwa mwala uti umaterera, mtsinje uti ukadzaza suwolokeka, amangoyang'ana cha ku Mozambique nkunena kuti tiyeni tibwerere chiperoni chikubwera, inu mukuona dzuwa likuswa mtengo. Ndipo chimabweradi. Chifunga chake ndinachiona ndekha kumtunda kwa Chisepo, mnzako ali pompo umangomva mawu, penti yolozera njira pa miyala osaionanso, zala zitauma gwa.

Sapitwa ndi mamita 3,002, ku Malawi kuno kulibe malo ena okwera kuposa pamenepo. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands anakwera yekha, mpaka lero sanapezeke. Mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anasiya gaidi wake nkupitiriza yekha, thupi lake linapezeka patapita masabata. Phiri silifunsa pasipoti achimwene, kubadwira ku Malawi sikudziwa njira.

Ndipo tizinena zoona, amene amanenerera kwambiri mitengo ya magaidi ndi anyamata onyamula katunduwa ndi ife tomwe. Munthu wathira mafuta kuchokera ku Joni, wagula mowa makatoni, wafika pa Likhubula akuyamba "aise tichotsere, ndife abale". Ubale wanji woti wina anyamule chikwama chanu tsiku lonse abwerere kwawo ndi ya sopo yokha? Ine zimenezo ndimakana ndipo sindisintha. Anyamatawa akasowa ganyu ya alendo ena amalowa mnkhalango ndi sowo, mkungudza uja timati mtengo wa dziko lathu watsala pang'ono kutheratu paphiripo, ena makala. Kenako mvula ikabwera madzi alibe chowagwira. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anakokolola midzi ku Mulanje ndi Phalombe, akuluakulu anakumbukira napolo wa 1991 ku Phalombe komweko. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, tinasangalala pa Facebook tonse, koma kusangalalako kuzifikanso mthumba mwa anthu amene amaliyenda tsiku ndi tsiku.

Pena ndimaganiza kuti aliyense wofuna kukwera adzayambe waonera mpikisano wa onyamula katundu umene umachitika chaka ndi chaka pa Likhubula, aone mmene amatsikira anthu aja akuthamanga pa miyala, amayi omwe, ulemu ungabwere wokha.

Za tentiyo

Disembala ku Joni ndi nyengo yokongola koma kuno ndi dzinja, miyala ya Sapitwa imaterera ndipo mitsinje imadzaza mwadzidzidzi. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ngakhale Juni ndi Julayi usiku kumazizira zoopsa. Ngati holide yanu ndi Disembala basi, Sapitwa muisiye ulendo uno. Kalembetseni ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, tengani gaidi pomwepo, kwerani mmamawa mukagone ku Chambe kapena Lichenya, kuli nyumba zamatabwa zokhala ndi mlonda ndi malo osonkhapo moto, tenti ikhale yongodalira mvula ikakupezani. Jekete ya mvula, tochi, zovala zosinthira muzikulunge mu pulasitiki, ufa ndi ndiwo muwerengere ndi anyamata okunyamuliraniwo. Kukacha koipa musakakamire, kasambeni pa Dziwe la Nkhalamba madzi akakhala ochepa, mugule nanazi pamsewu. Mtengo mugwirizane musananyamuke ndipo mukatsika mupereke yonse pamanja, mlonda wa kunyumba kuja musamuiwale.