Chotupa cha pakhosi ndi chotupa cha m'chiwindi: ndani akwere basi poyamba?

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina wa ku Namwera. Ndaifupikitsa, koma mfundo zake ndi izi:

"Amayi anga ali ndi chotupa pakhosi, chaka chachitatu chino. Sichipweteka, chimangokwera ndi kutsika akamameza. Anawajambula sikani ku Mangochi boma, n'kuwauza kuti ndi chithokomiro, akayezetse magazi kenako adzabwerenso. Achimwene anga, amene amasodza ku Makanjira, akuwonda ndipo akumva kulemera kumanja kunsi kwa nthiti. Sikani yaonetsa chotupa m'chiwindi, ndiye awalembera kalata yoti akajambulidwe CT. Nanga bwanji amayi sanawalembere CT? Kapena anawaona kuti ndi okalamba? Ndalama zimene ndili nazo n'zokwanira ulendo umodzi basi."

Achemwali, ndalama ya ulendoyo ipite kwa achimwenewo, ndipo anyamuke sabata ino ngati n'kotheka. Amayi sanawanyoze. Pa chotupa cha chithokomiro, sikani imene anajambulidwayo imaona bwino kuposa CT.

Ndikudziwa kuti zikumveka zachilendo. Ambiri timaganiza kuti makina aakulu a CT, ogonamo thupi lonse, ndiwo anzeru kuposa kamakina ka sikani kopaka mafuta ozizira kamene amaunikira amayi oyembekezera. Koma makina aliwonse ali ndi funso lake limene amayankha. Sikani imatumiza mawu osamveka ndi khutu m'thupi n'kumvetsera mmene akubwererera, monga mawu amabwerera munthu akafuula pafupi ndi phiri. Chinthu chikakhala pafupi ndi khungu, chithunzi chimatuluka chooneka bwino kwambiri, ndipo chithokomiro chili pansi penipeni pa khungu la pakhosi. Kachotupa ka mamilimita ochepa chabe kamaoneka mpaka m'mbali mwake.

Wojambula amayang'ana ngati chotupacho chadzaza madzi kapena ndi mnofu wolimba, ngati m'mbali mwake ndi mosalala kapena mokumbikakumbika, ngati chikuoneka chakuda kuposa mnofu wozungulira, ngati muli timadontho towala ngati mchenga, komanso ngati chatalika kuloza mkati kuposa mmene chatambalalira. Zonsezi amazipatsa mapointi. Mukaona mawu oti TI-RADS pa lipoti, ndiyo njira imeneyi. Imene inakonzedwa ndi bungwe la American College of Radiology mu 2017 imayambira pa 1 kulekeza pa 5, ndipo nambala ikamakwera, chikayikiro chimakweranso. Mwa zotupa 10 zilizonse za chithokomiro, pafupifupi 9 si khansa.

Magazi amene anawauza kuti akayezetse mwina ndi a TSH, oonetsa ngati chithokomiro chikugwira ntchito mopyola muyeso kapena mofooka. Musawazengereze. Chotupa chimene chikutulutsa mahomoni ochuluka chimachititsa mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, thukuta losatha ndi kuwonda munthu akudya bwino, koma nthawi zambiri sichikhala khansa. Apa ndi pamene CT ingathe kuvulaza, chifukwa mankhwala amene amabaya kuti chithunzi chiwale amakhala ndi ayodini wambiri, ndipo ayodini ameneyu angathe kuchiputa chithokomiro choterocho kuti chilusire. Sikani ikaonetsa zokayikitsa, chotsatira ndi kasingano kowonda kotengera timaselo kuti akatiunike pa maikulosikopu. Amabaya akuyang'ana pa sikani yomweyo, ndipo munthu amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

CT ya pakhosi ili ndi nthawi yake: chotupa chikalowa pansi kuseri kwa fupa la pachifuwa, kumene sikani siifika, kapena chikayamba kupana njira ya mpweya. Amayi akayamba kubanika pogona, kutsamwa pomeza, mawu kusasa osabwerera, mwanabere wolimba m'khosi, kapena chotupa chikakula msanga m'miyezi yochepa, abwerere kuchipatala osadikira tsiku limene anapatsidwa.

Tsopano za achimwene, zimene zandisowetsa mtendere kwambiri.

Chiwindi chili mkati, chinabisala kuseri kwa nthiti, ndipo ndi chachikulu. Sikani imatha kuona kuti muli chinachake, koma kawirikawiri siitha kuchitchula dzina. Chingakhale kathumba ka madzi kosavulaza. Chingakhale mpukutu wa timitsempha ta magazi umene anthu ena amakhala nawo moyo wawo wonse osadziwa. Chingakhale chithupsa cha mafinya, chimene chimabwera ndi kutentha thupi ndipo chimachira ndi mankhwala kapena kupopa. Kwa ife a kunyanja pali chinanso, likodzo. Tinazolowera la m'chikhodzodzo lokodzetsa magazi, koma kuyambira cha m'ma 2017 nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo zapezeka m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi. Likodzo limeneli limaika zipsera motsata mitsempha ya m'chiwindi ndi kutupitsa kapamba, ndipo wojambula wozolowera amazizindikira pa sikani. Koma munthu akuwonda, chotupa chili cholimba, n'koyenera kuti adokotala aganizirenso khansa, kaya yoyambira m'chiwindi momwemo kapena yochokera kwina monga m'matumbo.

Nzeru ya CT ya chiwindi yagona pa mayendedwe a magazi. Chiwindi chimalandira magazi m'njira ziwiri. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amadzera mu mtsempha waukulu wochokera ku matumbo, gawo lotsalalo limadzera mu mtsempha wochokera ku mtima. Khansa yoyambira m'chiwindi imayamwa kwambiri ku mtsempha wa ku mtimawo. Ndiye akabaya mankhwala owalitsa pamkono, amajambula kangapo powerengera nthawi. Pakatha masekondi pafupifupi 35, mankhwala afika kudzera ku mtima, chotupa cha khansa chimawala chisanawale chiwindi chonse. Pakatha masekondi ngati 70, chiwindi chawala, koma chotupa chija chayamba kuzilala. Amajambulanso patapita mphindi 3 mpaka 5. Kuwala msanga n'kuzilala msanga kumeneku, pa munthu amene chiwindi chake chinawonongeka kale, kumakwanira kutchula matendawo ngakhale osadula kanyama kokayeza. Mpukutu wa timitsempha uja umachita zina: umayamba kuwala m'mbali n'kumadzaza pang'onopang'ono kuloza pakati.

Chifukwa chake muonetsetse kuti pa kalatapo palembedwa kuti ndi CT ya chiwindi ya mankhwala, yojambula magawo angapo. Kangapo ndaona mabanja atataya ndalama pa CT yopanda mankhwala, n'kubwera ndi lipoti longobwereza zimene sikani inanena kale. Zimandiwawa, chifukwa ndalama zake zimakhala za mbuzi yogulitsidwa kapena ukonde wopinyolitsa.

Asananyamuke, ayezetse magazi a impso, amene amalemba kuti creatinine, chifukwa mankhwala owalitsawo amatuluka kudzera mu impso ndipo ojambula amafuna kuona zotsatira zake asanabaye. Kukafika wopanda pepala limeneli kungachititse kuti agone tsiku lina m'tauni. Ngati anatupapo kapena kubanika atabayidwa mankhwala ena alionse, anene. Pobaya munthu amamva kutentha thupi lonse ndi kakomedwe ka chitsulo m'kamwa kwa kanthawi, asachite mantha. Mwina adzamvanso za AFP, mayeso a puloteni ya m'magazi imene imachuluka pa khansa ya chiwindi. Amathandiza, koma anthu ena ali ndi khansa AFP yawo ili bwinobwino, choncho salowa m'malo mwa chithunzi. MRI imachita ntchito yofanana ndi CT pogwiritsa ntchito maginito, ndipo chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chinalandira makina ake oyamba mu 2008, koma adokotala amaifuna makamaka CT ikasiya mafunso.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse, koma chikukhudza inu nomwe. Achimwene ayezetse hepatitis B ndi HIV, ndipo akapezeka ndi hepatitis B, inunso, amayi, alamu anu ndi ana onse mukayezetse. Kachirombo ka hepatitis B ndiko gwero lalikulu la khansa ya chiwindi kuno kwathu. Ambiri anakatenga ali makanda, kwa mayi pobadwa kapena kwa ana anzawo, ndipo kamakhala chete zaka 20 kapena 30. Katemera wake analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, kotero obadwa chaka chimenechi chisanafike ambiri sanabayidwe. Onjezanipo chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino, komanso kachasu kwa amene amamwa, chiwindi chimatopa msanga. Mankhwala a tenofovir amakafooketsa kachiromboka, ndipo ali kale mu ma ARV amene ambiri akumwa, chimene ndi chifukwa chinanso chosawasiyira. Amene chiwindi chake chili ndi zipsera amayenera kujambulidwa sikani miyezi 6 iliyonse, chifukwa chotupa chikagwidwa chili chaching'ono, masentimita 2 kapena 3, madokotala amakhala ndi zambiri zoti achite kusiyana ndi pamene chadzaza mbali yonse.

Pa za ulendo, pemphani adokotala amene analemba kalatayo akuuzeni kumene akupita, kaya ku Zomba Central kapena ku Queens, ndipo ngati n'kotheka ayimbe foni kuti mupatsidwe tsiku musanalipire basi. Funsaninso ngati pali galimoto ya chipatala yonyamula odwala otumizidwa. Achimwene atenge buku la kuchipatala, lipoti la sikani yoyamba ndi zotsatira zonse za magazi, zikulungidwe m'jumbo kuopa mvula. Nthawi zambiri amauza munthu kuti asadye kwa maola angapo asanajambulidwe, choncho afunse za izi, ndipo wowaperekeza anyamule chakudya ndi madzi ambiri oti amwe akatuluka. Akapatsidwa zithunzi pa CD kapena pa filimu, asazisiye kumeneko, dokotala wotsatira adzazifuna. Koma maso akasanduka achikasu, mimba ikayamba kudzaza madzi, akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda ngati phula, asadikire tsiku la CT, apite kuchipatala tsiku lomwelo.